Amene Anapenta Maso Otuwa a Yuzuri

Mukafunsa mayi aliyense wa zaka makumi anayi ku Tokyo kuno kuti maso a Yuzuri anatuwa liti, akuyankhani musanatseke pakamwa: gawo 38, pamlatho, mvula ikugwa, pamene kamtsikanako kankatsanzikana ndi mnzake wapamtima. Mayi yemweyo mukamufunsa tsiku lobadwa la mwamuna wake, ayamba wayang'ana kaye pafoni.

Yuzuri ndi kamtsikana ka m'katuni ya pakanema, kamwana ka sukulu kamene kankati kakazunguza ambulera yake katatu, siketi n'kufupika, tsitsi n'kutalika, basi kasanduka katswiri wa matsenga wokagonjetsa ziwanda zomwe zakanika apolisi a mzinda wonse. Katuniyo inatha zaka 35 zapitazo, koma maliro ake sanachitike. Ana aja ankaionera ali chafufumimba pamkeka lero ndi akuluakulu a m'mabanki, anamwino, aphunzitsi, ndipo ali ndi malipiro awoawo oti asakaze. Amagula timaambulera ta Yuzuri tosatchinga ngakhale mame. Amagula zopaka milomo za Yuzuri, makapu a Yuzuri, mpaka mankhwala opaka msana okhala ndi nkhope ya Yuzuri, poti ukalamba suopa matsenga. Nyimbo yake ikalira m'sitolo, mzimayi woti kuntchito amachotsa anthu osaphethira amaima pakati pa mashelefu n'kuyamba kufwenthera.

Chimene onsewo amalirira kwambiri ndi maso otuwa aja. Maso a Yuzuri ndi obiriwira m'magawo onse, kupatula masekondi atatu okha pamlathopo. Anthu ophunzira alembapo nkhani zitalizitali. Wina anati umenewo ndi mtundu wa mtima wa mwana amene wangozindikira kuti anthu amasiyana. Wina anati ndi phulusa la ubwana. Koma zoona zake, penti imeneyo inali ya chivindikiro cha bini ya zinyalala, ndipo amene anaipaka ndi a Fusae Kuramochi a ku Nerima, dera lina la Tokyo, m'nyumba zaboma zakale zija, nsanjika yachinayi, kopanda chikepe.

A Fusae pano ali ndi zaka 69. Ndi munthu wamfupi, wolankhula motsitsa, ndipo moyo wawo wonse akhala akupepesa. Amapepesa kwa dokotala chifukwa chodwala, amapepesa kwa munthu amene wawaponda phazi m'sitima. Amuna awo a Shigeharu, amene anali dalaivala wa basi, anatisiya zaka zisanu ndi zitatu zapitazo, ndipo anthu amene analipo amati a Fusae anapepesa kwa anamwino chifukwa bamboyo anamwalira nthawi ya nkhomaliro.

Masiku amenewo katuni sinkapangidwa pakompyuta. Chithunzi chilichonse chinkajambulidwa pa kapulasitiki koonekera, kukula ngati tsamba la kope, ndipo wina ankayenera kukapaka penti ndi burashi, kamodzikamodzi, zikwizikwi pa gawo limodzi. Winayo anali amayi apanyumba onga a Fusae. Galimoto ya kampani inkasiya mtolo lero n'kudzautenga mawa. Penti inkabwera m'timabotolo ta manambala, pamodzi ndi pepala lonena kuti tsitsi nambala yakuti, maso nambala yakuti. Ankapaka kumbuyo kwa kapulasitikiko, moti pofuna kuona chimene wachita unkadikira kaume kenako n'kukatembenuza. Mayina a amayiwa sankalembedwa kumapeto kwa katuni. Kunkalembedwa dzina la bwana, la womuthandiza bwana, la wothandiza womuthandizayo, ngakhale la kampani yogulitsa maswiti. Pofika pa amayi opaka penti malo ankakhala atatha.

Tsoka linabwera mu Febuluwale, m'mawa mwake mwa tsiku lija timaponya nyemba zokazinga pakhomo pothamangitsa ziwanda. Mwana wawo Kanae, ali ndi zaka zisanu ndi chimodzi, anatola nyemba imodzi kunsi kwa kabati n'kuona kuti malo ake oyenera ndi m'mphuno. A Fusae anali atangomaliza kupaka chivindikiro cha bini chimene chiwanda china chinkaponya m'gawo lomwelo, ndipo patebulo panali nkhope 36 za Yuzuri zikudikira maso. Mwana akukuwa, galimoto ikubwera teni koloko. Anapaka masowo diso lawo limodzi lili pa mwana, burashi ikungobwerera m'botolo la penti yotuwa lomwe inazolowera. Anazisiya zikuuma n'kuthamangira kuchipatala mwana ali kumsana, ndipo amene anapereka mtolowo kwa dalaivala ndi mayi woyandikana nawo nyumba. Palibe anatembenuza ngakhale kamodzi. Kukampani nako anali atachedwa monga mwa masiku onse, moti Loweruka dziko lonse linaona Yuzuri akulira ndi maso a bini.

Lolemba anaitanidwa. Mkulu wa katuniyo anali a Gorota Hazeyama, bambo amene ankavala magalasi akuda ngakhale m'nyumba kuti anthu adziwe kuti ndi munthu woganiza.

"Ndinu amene mwandiphera mwana wanga?" anafunsa a Hazeyama, akukupiza kapulasitiki pamphuno pa a Fusae. "Tayang'anani. Awa ndi maso a munthu kapena a nsomba yowola?"

"Pepani kwambiri, abwana."

"Pepani wanuyo amapenta? Akabwezeretsa zobiriwira m'nyumba za anthu?"

Anawalembetsa kalata yopepesa. A Fusae anailemba, n'kudindapo chidindo chawo, n'kuwerama mpaka chipumi kugunda tebulo. Kuchokera tsiku limenelo galimoto sinaimenso pakhomo pawo. Anakalowa ntchito kufakitale yolongedza chakudya cha masana m'timabokosi, ndipo kwa zaka 24 ntchito yawo inali kuika kachipatso kowawasa kaja pakatikati pa mpunga. Kumeneko sanalakwitsepo ngakhale kamodzi, n'chifukwa chake palibe analembapo nkhani.

Sanadandaule. Cholakwa chinali chawo, ndipo anachisenza. Anthu atayamba kutamanda maso otuwa aja, a Fusae ankangoseka okha akutsuka mbale. Koma pansi pa mtima panamera kakunyada kamene sankauza munthu. Anapaka penti zaka zisanu ndi zinayi, zithunzi zosawerengeka, zonse molondola, ndipo zonsezo zinapita ndi mphepo. Chimene dziko linasunga ndi chimene analakwitsa. Chabwino, koma chinali chawo, ndipo padziko lonse analibe china chimene akanaloza n'kunena kuti ichi ndinachita ndine.

Ndiye kunabwera chikondwerero cha zaka 35. Lamulungu lina m'mawa, Kanae atabwera kudzawaona, amayi ndi mwana ankadya mpunga ndi nsomba yootcha wailesi ya kanema ikulankhula yokha pakona. Kanae pano ndi mayi wa zaka 41, amagwira ntchito kukampani ya inshuwalansi, ndipo pachikwama pake pamalendewera kaambulera ka Yuzuri. Pakanemapo panatulukira a Hazeyama, ali ndi zaka 80, ndevu zoyera, magalasi akuda omwe aja.

"Ndinalimbana ndi kampani yonse," ankatero mkuluyo, mawu akunjenjemera bwinobwino. "Aliyense ankati obiriwira, obiriwira. Ine ndinati ayi. Mwana akataya mnzake, m'maso mwake simumeranso msipu."

Mtsikana wofunsa mafunso anapukuta misozi. A Fusae anaika timitengo todyera pansi.

"Bodza lamkunkhuniza!"

"Amayi, musayambe," anatero Kanae osakweza mutu.

"Ndiyambe chiyani? Wayamba ndi nkhalambayo. Anati maso a nsomba yowola, ine ndili chiimire pompo! Msipu wakewo wamera liti?"

"Ndiye mukufuna chiyani? Akupatseni mendulo?"

"Ndikufuna dzina langa. Pamene pali maso aja alembepo kuti Kuramochi Fusae. Ngakhale timalemba tating'ono ngati ta pabotolo la mankhwala, ine ndivala magalasi."

"Umboni muli nawo?"

Umboni analibe. Kalata yopepesa ija inatsala kukampani, kampaniyo inamezedwa ndi ina, inayonso n'kumezedwa ndi ina. Mayi woyandikana nawo nyumba uja anamwalira kalekale.

"Umboni ndiwe," anatero a Fusae. "Mphunoyo si yako?"

"Amayi, ndapota nanu. Kuofesi kwathu kuli azimayi asanu ndi mmodzi amene amalira ndi gawo limenelo. Mmodzi ndi bwana wanga. Mukufuna akadziwe kuti zaka zonsezi akhala akulirira nyemba ya m'mphuno mwanga?"

"Si iwenso umalira? Ndinakuona chaka chatha, mamina mbwee."

"Ndimalira, inde. Ndiye mundisiye ndizilira mwamtendere."

Koma mlandu suola. Sitolo ina yaikulu ku Ikebukuro inakonza chionetsero cha Yuzuri pansanjika yachisanu ndi chitatu, ndipo Loweruka a Hazeyama ankakalankhula n'kuyankha mafunso. A Fusae analemba mawu awo kuseri kwa kalendala yakale, ndime zitatu. Sabata yonse ankaziwerengera chithunzi cha malemu a Shigeharu, amene anamvetsera osadula mawu monga ankachitira ali moyo. Lachisanu anakagula bokosi la makeke a nyemba zotsekemera, lokutidwa bwino, loti akapatse a Hazeyama, chifukwa munthu woleredwa bwino sapita kukaimba mnzake mlandu chimanjamanja. Kanae anati awaperekeza, ati kuti akawathandize pamasitepe.

Mzere unayambira pansanjika yachisanu. Azimayi okhaokha, ena atavala masuti a kuofesi, ena atakoka ana amene ankayasamula n'kumafunsa kuti tipita liti kunyumba. M'kati munali madiresi a Yuzuri, ambulera yaikulu yoti ujambulitse uli pansi pake, ndi nyimbo ija ikubwerezabwereza. Kumapeto kwa holo, m'bokosi lagalasi, nyale ikuwalira pamwamba ndipo mlonda ataima pambali, munali kapulasitiki kamodzi mwa 36 aja.

A Fusae anakazindikira ngati mmene mayi amazindikirira mwana wake pagulu. Padiso lakumanzere penti inadumpha mzere pang'ono, pamene Kanae anakuwa kwambiri. Anafuna kukatembenuza, kuti aone kumbuyo kumene burashi yawo inadutsa, koma galasi linawaletsa. Pansi pake panali kakhadi: Maganizo a Gorota Hazeyama. Mtima unawawawa kwambiri, kuposa tsiku lija anachotsedwa ntchito. Tsiku lija anawalanda ntchito yokha.

Nthawi ya mafunso itakwana, mtsikana woyendetsa mwambo, atavala siketi ya Yuzuri, ankayenda ndi maikolofoni pakati pa mipando. Wina anafunsa ngati Yuzuri anakwatiwa atakula. Wina sanafunse kanthu, anangolira n'kukhala pansi, anthu n'kumuombera m'manja. Kenako a Fusae anakweza dzanja, Kanae akuwakoka juzi.

"Agogo apa ali ndi funso! Takulandirani, agogo."

A Fusae anaimirira, n'kuwerama kutsogolo, kumanzere ndi kumanja, n'kutambasula kalendala yawo.

"Pepani pokutayitsani nthawi yanu yamtengo wapatali. Ine ndine Kuramochi, wa ku Nerima. Ndine amene ndinapaka penti nkhope za pamlatho zija. Nthawi imeneyo ndinakusowetsani mtendere kwambiri, abwana, ndipo mpaka lero..."

Imeneyo inali ndime yoyamba chabe. Yachiwiri inali yothokoza a Hazeyama chifukwa cha thanzi lawo labwino. Mlandu weniweni unali m'ndime yachitatu, poti kwathu kuno munthu safikira pa nkhani asanasese pabwalo. A Hazeyama sanadikire kuti pabwalo payere.

"Taimani!" anakuwa mkuluyo, akuvula magalasi, chinthu chimene anthu ambiri m'holomo anali asanachionepo. "Mayi wamfupi, juzi yofiirira! Munabwera kuofesi kwanga Lolemba m'mawa!"

"Inde, abwana," anayankha a Fusae. Munthuyu ankakumbukira.

"Munawerama mpaka chipumi kugunda tebulo langa! Anthuni, taonani, mboni yanga ndi iyi. Mayi awa anabwera misozi ili m'maso, ati abwana, pepala lanena kuti obiriwira, ine otuwa sindingapake. Ndinachita kuwakalipira! Ndinawalembetsa ndi kalata yopepesa chifukwa cha makani awowo. Mayi, ndinali wankhanza tsiku lija, koma taonani chimene tinabala."

Chokwiyitsa n'chakuti mkuluyo sankanama monga amanamira anthu abodza. Nkhaniyo anali ataikamba kambirimbiri mpaka inakhazikika m'mutu mwake n'kusuntha katundu yense amene inamupeza. Juzi ankaikumbukira, tebulo ankalikumbukira, kukalipa ankakukumbukira. Chifukwa chake chokha ndicho chinatembenuka. Misozi imene inkatsikira m'ndevu zake inali yeniyeni.

"Ayi, abwana, si choncho, ine..."

"Aa, kudzichepetsa kwa amayi athu akale!" anatero mtsikana wa siketi uja, akusolola maikolofoni m'manja mwawo mwaulemu wonse. "Tiwaombere m'manja agogo!"

Apa a Fusae anachita chimene anali asanachitepo chibadwire. Anakweza mawu pagulu.

"Penti ija ndi ya chivindikiro cha bini!"

Kenako a Hazeyama anadzimenya pabondo.

"Mwamva? Zaka 35, mpaka lero sanaukonde mtunduwo! Ati wa bini! Mayi awa ndi mwala, ndikukuuzani!"

Holo yonse inafa nacho chiseko, m'manja mukulira ngati mvula padenga la malata. A Fusae anatembenukira kwa mboni yawo imodzi yokha padziko lapansi. Kanae anali atayang'ana nsapato zake, dzanja litaphimba mphuno.

Mwambo utatha, azimayi anapanga mzere wina, wa kwa a Fusae. Tife anthu okonda mizere. Ankabwera ndi timabuku ta chionetsero kuti agogo asainemo.

"Agogo, musadziimbe mlandu," anatero mayi wina wa suti yakuda, atawagwira manja onse awiri. "Munkangotsatira pepala. Ife takukhululukirani."

"Tangoganizani akanakumverani!" anatero wina. "Ubwana wanga wonse ukanawonongeka. Koma Mulungu ndi wabwino, munagonja."

A Fusae anasaina. Nanga akanatani, munthu atawatambasulira buku n'kuwapatsa cholembera? Bokosi la makeke lija analitenga ndi anyamata a kampani, n'kuthokoza kwambiri m'malo mwa a Hazeyama, amene anali atapita kukapuma.

M'sitima pobwerera, nkhani inayambika atatsala pang'ono kutsika.

"Ukanangonena mawu amodzi," anatero a Fusae, maso ali pawindo.

"Bwana wanga anali pamzere wachitatu, amayi."

"Ndamuona. Ndi uja wandikhululukira."

Kampani ikanunkhiza nkhani yogulitsa matikiti sigona. Lachiwiri Kanae anaimba foni, mawu ali m'mwamba ngati munthu amene akufuna kuti mlandu wake uiwalike msanga.

"Amayi, asintha kakhadi kaja! Dzina lanu lalembedwa! Mnzanga wanditumizira chithunzi."

"Alemba kuti chiyani?"

"Alemba kuti, Maganizo a Gorota Hazeyama. Anapaka ndi Kuramochi Fusae, amene poyamba anakana, koma pomaliza anamvera." Kenako Kanae anaonjezera kuti, "Si dzina munkafuna? Ndiye ndi limenelotu."

"Walira mvula walira matope," anatero a Fusae. "Ine kumeneko sindidzapondakonso."

Lachitatu m'mawa a Fusae anatsika masitepe awo onse a nsanjika zinayi, anakwera sitima, anagula tikiti ya okalamba, n'kukaima pamzere ngati wina aliyense. Sanavale juzi ya Loweruka, kuopa kuti angakhululukidwenso. Atafika pabokosi lagalasi anavala magalasi awo. Dzina linalipo, lolembedwa bwino, chilembo chilichonse m'malo mwake, m'timalemba tokulirapo kuposa timene anapempha. Bodza nalo linalipo, litakhala pambali pa dzinalo ngati mlendo amene sadzachoka.

Anasuntha pang'ono kuti ena aone. Panafika azimayi awiri, mmodzi atanyamula matumba atatu a zogula za Yuzuri. Anawerama n'kuwerenga kakhadiko mokweza, pang'onopang'ono.

"Kuramochi Fusae. Iii, koma mayi ameneyu! Anali ndi mtima wotani, kufuna kutilanda zimenezi?"

"Anthu ena luso saliona ngakhale lili m'manja mwawo," anayankha mnzakeyo, n'kupitirira kukajambulitsa pansi pa ambulera.

A Fusae anaima pomwepo, chikwama chili m'manja. Aka kanali koyamba kumva dzina lawo likutuluka pakamwa pa munthu wosawadziwa, wosakhala namwino woitana odwala. Analitchula bwino, mokweza, pamaso pa chinthu chimene manja awo anapanga. Anayembekeza kuti apsa mtima, koma mtima sunapse. Chimene chinawapweteka n'chakuti zinawakomera, ndipo anachita manyazi ndi kukomako.

Mlonda anawapempha mwaulemu kuti asunthe, poti anali atatsekereza ena. Anapepesa, n'kukaima kuseri kwa chipilala, pamene ankathabe kumva anthu akuwerenga. Lachinayi anapitanso.